Matumba Angati pa Eliki Imodzi?

Lolemba, 7 Okutobala 1996

Ndikupita kosaka nyama! Ine! Mwana wa ku Dedza amene chibadwire sindinaphepo chinthu choposa nkhuku!

Dale, mzungu wokonza mipope kuntchito kwathu, kunyumba yosamalirako okalamba ku Springfield, wandipeza ndikukankha ngolo ya zofunda. Akuti mnzake wina wasintha maganizo, ndiye m'thiraki mwake muli malo. Tinyamuka Loweruka kupita kumapiri a Colorado kukasaka eliki. Wandionetsa chithunzi: chinyama ngati ntchefu, nyanga ngati chasenza mtengo wouma pamutu.

Mfuti ndi yake, chilolezo ndi chake. Yanga ntchito ndi kumulandira chiwongolero panjira, kusenza nyama, ndi kupeza matumba. Matumba ake si wamba. Ndi a nsalu yopyapyala, yoti mphepo izidutsa koma ntchentche ayi. Akuti anayi a miyendo, limodzi la nyama yamsana ndi tizidutswa. Asanu basi.

Tchuthi ndachipeza kale! Ndasinthana ndi mnzanga wa ku Ghana: iye agwira sabata yanga, ine ndidzamugwirira Khirisimasi ndi Nyuwere. Amake Tadala ndawauza za ulendo. Za Khirisimasi ndiwauza ndikabwera, nyama ili m'manja.

Lachiwiri, 8 Okutobala

"Inuyo? Amene mumandiitana kukaoneka mphemvu kukhitchini?" Awa ndi amake Tadala m'mawa. Koma pochoka ndikuwamva pafoni: "Eya, abambo akunowa akupita ku Colorado." Mawu ake onyadira ndithu!

Matumba asanu ndagula. Ndawayala pabedi. Akuoneka ochepa.

Ndamufunsa Dale za zam'kati. Akuti amazisiya kutchire. KUTCHIRE! Ndachita kugwira khoma. Anthu awa Mulungu awakhululukire.

Zimene Dale amataya koma ine sinditaya:
- chiwindi
- mtima
- nthumbwana
- lilime
- mang'ina onse anayi
- mutu, ngati angandilole

Chilichonse thumba lakelake, chifukwa nthumbwana ndi chiwindi sizigonera limodzi. Tafika pa khumi ndi limodzi.

M'sitima pobwerera kunyumba ku Hyattsville ndikuyang'ana anthu a mataye ndi zikwama zawo. Sakudziwa kuti akhala moyandikana ndi mlenje.

Lachitatu, 9 Okutobala

Mapemphero a madzulo ku College Park. Ndalowa nditatsimikiza mtima kuti sindinena kanthu. Abusa angoti, "Alipo ali ndi umboni?" ndapezeka ndaimirira kale.

Nthungululu! Kuwomba m'manja! Kenaka mzere.

Mayi Zulu a ku Lusaka: "Ba neba, ine nifuna chabe chiwindi, osati vambiri." Chiwindi ndinali nditalonjeza kale amake Tadala, koma ndavomera. Chinyama chachikulu chonchija, chiwindi chake sichingakhale chamasewera.

Abusa andikumbutsa kuti m'Chipangano Chakale mwendo wakumanja unali wa ansembe. Aseka. Sindikudziwa ngati akuseka zenizeni.

Amayi a chigwirizano agamula pomwepo: pa chakudya cha mpingo cha mu Novembala, chaka chino kulibe nkhukundembo. Tidya eliki ya abambo a Tadala. Ndikumva ngati ndatalika.

Banja lililonse thumba lake, kuti pasadzakhale mkangano pogawa. Makumi awiri ndi awiri tsopano. Kusitolo sindibwererako, amake Tadala atulutsa makina osokera. Mashiti akale awiri apita, mapilokesi apitanso. Tadala, wa zaka zisanu ndi zitatu, wapeza pilo wake ali wamaliseche: "Daddy, that's my pillowcase!" Ndamuuza kuti pilokesi wakeyo ndi wolemekezeka, muikidwa mtima wa eliki. Walira kwambiri.

Lachinayi, 10 Okutobala

Nkhani yatsopano kuchokera kwa Dale: galimoto silifika kumene kuli eliki. Timalisiya kumunsi, n'kukwera phiri wapansi. Mwendo umodzi wam'mbuyo akuti umalemera ngati mwana wa sukulu. Ndipo amayenda maulendo angapo.

Palibe vuto! Ine ndimanyamula anthu akuluakulu tsiku ndi tsiku. Komabe kuyeserera n'kwabwino.

M'chikwama chakumsana ndaikamo:
- thumba lalikulu la mpunga
- ufa wonse wa m'nyumba
- mabuku awiri a manambala a foni
- simbi

Masitepe a nyumba yathu, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ulendo woyamba ndikuimba nyimbo. Wachiwiri ndikung'ung'udza. Mayi wa ku El Salvador wa chitseko choyandikana nafe akufunsa ndi manja ngati atithamangitsa m'nyumba. Ndamuonetsa nyanga pamutu ndi zala. Watseka chitseko msanga.

Ulendo wotsatira ndawerama kuti ndimange chingwe cha nsapato, katundu ali kumsana. Msana wangoti thyo!

Si kanthu. Kutopa chabe. Ndalowa m'nyumba chokwawa chifukwa ndimafuna kuona ngati kapeti ndi woyera.

Lachisanu, 11 Okutobala

Kuntchito ndine amene ndimaphunzitsa atsopano kanyamulidwe: pindani mawondo, osati msana. Lero ndikuphunzitsa nditatsamira kabati. Ndikuyenda ngati bakha. Gogo wina wachizungu wa m'chipinda chakumapeto wandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka wandikankhira choyendera chake. Ndakana. Ndikadalandira.

Ndamuonetsa Dale matumba m'chipinda cha mipope. Wawerenga mpaka pa lamaluwa apinki, wakhala pansi pa ndowa. Misozi kutuluka ndi phwete. Akuti zaka zonse wakhala akupitako anaphapo eliki imodzi yokha. Zaka zinazo matumba amabwera oyera ngati mmene anapitira. "Timapita kukayenda m'mapiri, mnzanga."

Kukayenda?! Ine mpingo wonse waletsa nkhukundembo!

Koma chaka chino n'china. Chaka chino ali ndi ine. Ndapaka mankhwala otentha msana wonse, m'nyumba mukununkha ngati chipatala. Amake Tadala akazinga nkhuku ndi mandasi a kamba wa panjira. Mawa Colorado!

Loweruka, 12 Okutobala

Ndagona pansi, pakapeti. Kudzuka kwakanika. Masokosi andiveka amake Tadala.

Dale wafika. Thiraki lake bwanji latalika chonchi? Dzulo silinali choncho. Ndakweza mwendo umodzi pa chopondera, wakakamira pomwepo. Kukwera ayi, kutsika ayi. Ndangoima ngati kakowa, m'manja mtolo wa matumba, Tadala akuonerera pawindo.

Dale wanditsitsa mwaulemu, ngati mmene ine ndimatsitsira okalamba. "Buddy, no." Ndamuuza kuti ndichira panjira. Akuti panjira pake ndi masiku awiri okhala pampando. Ndalingalira mpando. Ndasiya kutsutsa.

Watenga matumba asanu a kusitolo. Watenganso nkhuku ndi mandasi, poti zinali kale m'galimoto.

Masana ndaimbira mnzanga wa ku Ghana kuti tibweze zosinthana zija. Akuti pepani, tikiti ya ndege yokaona ana ake pa Khirisimasi wadula kale. Foni yathu imamveka mpaka kukhitchini. Amake Tadala atseka mpopi.

"Khirisimasi yake iti?"

Ndafotokoza nditagona chagada. Munthu sungadziteteze bwino utagona chagada.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndimati ndibisale m'nyumba sabata yonse, kenaka ndidzanene kuti eliki zinathawa. Amake Tadala akuti amene sadzapemphera pa Khirisimasi ayambe kulipiriratu lero. Anditsogoza.

Tafika mochedwa chifukwa cha mayendedwe anga. Takhala kumbuyo kwenikweni. Anthu onse atseka maso, Abusa ali pakati pa pemphero.

"Tikumbukirenso mbale wathu, bambo a Tadala, amene pakali pano ali m'nkhalango za Colorado, pakati pa zimbalangondo ndi chisanu. Limbitsani mapewa ake, Ambuye. Abwere atasenza."

Mpingo wonse: "Ameni!" Mayi Zulu: "Na chiwindi, Ambuye!"

Amake Tadala akugwedezeka mapewa, nkhope ili m'buku la nyimbo. Ndimayesa akulira. Sakulira.

Ndati ndizembe asanatsegule maso. Benchi ndi lotsika, msana wakana. Ndiye ndakhala pomwepo, ndapinda manja bwinobwino, nanenso ndati Ameni. Pemphero ndi pemphero, mapewa ndi angabe.

Woyamba kucheuka ndi Mayi Zulu.