Timapilo ta m'nsapato zanga

Manyazi ena munthu amapita nawo kumanda osauza aliyense. Angawa anachitika mpingo wonse ukuona, ndiye bola ndiwanene ndekha ena asanawonjezere mchere.

Ine ndine mphunzitsi kuno kwa Ndamera, ndipo Mulungu anandidalitsa ndi mimba yabwino komanso mapazi afulati ngati a bakha. Chaka chatha a dokotala atandiyeza presha anati ndiyambe kuthamanga. Ndinagula nsapato pakaunjika n'kuyamba treningi, koma sabata isanathe kuphazi kunkawotcha ngati ndaponda makala. Nditabwerera kuchipatala anati ndisake tinthu toika m'nsapato, totukula pakati pa phazi. Iwo ankati achi sapoti.

Ndinasaka pa boma ku Nsanje, ndinasaka ku Bangula. Wina anandionetsa sokosi, wina anafuna kundigulitsa nsapato za mpira. Pomaliza ndinakafika ku Marka, kwa a Zuze, bambo wosoka nsapato wochokera ku Mozambique. Anandiyang'ana phazi nati, "Pyadidi, chabwino, ndamva." Anadula kansalu kakuda, naikamo thonje, nasoka timapilo tiwiri tonga bokosi la machesi. Ulusi wakuda unali utawathera, ndiye anasokera wofiira. Potsanzikana anandilangiza kuti ndisatinyowetse, ndisabwereke munthu, ndipo ka kumanzere kasapite kumanja.

Kunena zoona timapilo tija tinathandiza, ndipo ululu unatha.

Kenako kunabwera mpikisano wothamanga wa mpingo wathu, kuchokera patchalitchi kukafika pamjigo wa kusukulu n'kubwerera. Lamulungu lotsatira kunali chisankho cha mkulu wa mpingo, ndipo dzina langa linalipo. Udindowo ndinkaufuna, sindinama. Jekete ndinali nditasoketsa kale.

Za mmene ndinathamangira tikamba pambuyo. Titamaliza tinakhala pamikeka pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa la kunoli likuphika anthu amoyo. Ndinavula nsapato imodzi kuti phazi lipume. Kapilo kanagwa n'kugubuduka mpaka pamaondo a Mayi Fombe, mtsogoleri wa amayi. Tsoka lake, amuna awo ndi amene ndinkapikisana nawo pa udindo uja.

Sanakagwire ndi dzanja. Anakanyamula ndi timitengo tiwiri.

"Aphunzitsi, ichi n'chiyani?"

Mayankho abwino analipo ambiri, koma ine ndinasankha lopusa kuposa onse.

"Kamandithandiza pothamanga, mayi."

Anthu amene ndinakhala nawo pamkeka anayamba kusunthira kutali mmodzimmodzi, mpaka ndinatsala ndekha ndi nsapato yanga. Abusa anabwera, nafunsa mofatsa kumene ndinakatenga. Ndinati ku Marka, kwa bambo wina wa ku Mozambique. Kumbuyo mayi wina anayambitsa nyimbo yothamangitsira ziwanda.

Apa mantha anandigwira, ndipo ndikachita mantha pakamwa panga sipatseka. Ndinaganiza zowatsimikizira kuti bamboyo ndi katswiri pa ntchito yake, ndiye ndinatchula malangizo onse aja, la madzi, la kubwereketsa ndi la kumanzere.

"Nkhabe, abusa," anakana Mayi Fombe. "Chobwera ndi malamulo otere ndi chithumwa basi."

Abusa anaitanitsa lezala, nang'amba kapilo kaja anthu atatong'ola maso. Munatuluka thonje lokhalokha. Mtima wanga unakhala pansi, koma a Fombe aamuna anati mankhwala enieni saoneka ndi maso, napempha kuti ndivule nsapato inayo. Ndinavula. Kachiwiri kanagwa pamkeka.

"Ziwiri!" anafuula wina, ndipo nyimbo ija inakwera.

Ndinadziwa kuti jekete yanga ndizingoivala pamaliro. Sikuti udindo wokha unali ukupita ayi, ngakhale dzina. Mawa lake ndikanaima bwanji m'kalasi, ana akuyang'ana nsapato zanga m'malo mwa bolodi?

Nthawi yonseyi mkazi wanga Esinati ankagawa thobwa. Anaika chikho pansi, napukuta manja pachitenje.

"Abusa, ndifunseko. Pampikisano paja bambo awa afika nambala chiyani?"

Abusa anatsokomola, nayang'ana kumbali, nati ndinafika womaliza.

"Womaliza," anabwereza Esinati, kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Ngakhale Mayi Fombe omwewa anawapitirira, atavala patapata, mdzukulu ali kumsana. Ana a kwaya anachita kubwerera kukawasaka, poganiza kuti akomoka panjira. Ngati ichi n'chithumwa, abusa, musachiwotche. Chipempherereni, chikudwala."

Woyamba kuphulika anali mayi woyambitsa nyimbo uja. Abusa anayesa kudzigwira, koma anaseka mpaka misozi, lezala ili m'manja. Ngakhale Mayi Fombe anataya timitengo tawo n'kubisa nkhope m'chitenje. Mlandu unathera pomwepo, ine ndili chikhalire wopanda nsapato, osadziwa ngati ndimuthokoze mkaziyo kapena ndimukwiyire.

Lamulungu lija anandisankha ndithu. Akuti munthu amene ngakhale mankhwala amamukana ndi wodalirika.

Ndinaphunzirapo kuti pa mlandu, mboni yokupulumutsa ndi imene ilibe nawe chisoni.