Lamba wa Nkhondo ndi Phulusa Langa

Pali ukhondo wina woononga zinthu, ndipo mboni yake ndine.

Mu 1983 ndinkagwira ntchito ku Nairobi, ndipo ndinali nditagwidwa ndi matenda otolera zinthu zakale za asilikali: mabotolo a madzi, mabatani, zimake za mipeni ya kumfuti. (Mayi a kunyumba ankati nyumba yathu ya ku South B yasanduka dzala.) Koma chimene ndinkasaka kwenikweni chinali lamba. Bambo anga anamenya nawo nkhondo ku Burma, ndipo lamba wawo anasinthanitsa ndi chimanga chaka cha njala. Ankamutchulabe ngati mwana amene anamwalira.

Wofanana naye ndinamupeza ku Kangemi, kwa mkulu wina wogulitsa zitsulo zakale. Chitsulo chake chomangira chinali bii, koma ukachipendeketsa padzuwa pankaoneka chidindo cha asilikali a ku Nyasaland.

"Usisafishe," anatero mkuluyo. "Osatsuka. Kudako ndiye umboni wake."

Ndinavomera ndi mutu wokha. Mwana woleredwa bwino angapatse bambo ake chinthu chakuda? Ndinayamba ndi kansalu konyowa. Kenako phulusa ndi ndimu, mmene timakwechera mapoto. Pakona panatsala kadontho kamakani, ndiye ndinakabwereka sandipepala kwa kalipentala. (Inde, sandipepala. Sekani, ndakulolani.) Chitsulo chinawala mpaka ndinadzionapo mano. Chidindo chija, zii.

Ndinakaonetsa lambayo kwa mwini sitolo ina ya zinthu zakale ku Westlands, ndipo iye anamutembenuza kawiri. "Dzulo anali lamba wa nkhondo," anatero. "Lero ndi womangira buluku."

Zinandiwawa kwambiri. Pa Khirisimasi ndinapita nayebe kwathu ku Balaka, nditakonzeka kuulula. Bambo anamulandira ndi manja awiri, n'kumumanga m'chiuno osayang'ana n'komwe.

"Wa gulu lathu ameneyu. Wapukuta ndani?"

"Ndine, bambo. Pepani, chidindo chinafufutika."

"Chidindo? Zathu zinkatha mwezi woyamba ndi kupukuta." Anamasula lambayo n'kutembenuza chitsulo. "Koma taona kuseriku, iwe. Sajeni akanakuthamangitsa padzuwa tsiku lonse."

Analavulirapo malovu n'kuyamba kupukuta ndi nsonga ya malaya, misozi ikulengeza m'maso. Lamulungu anamuvala kutchalitchi, pamwamba pa jekete.

Nditabwerera ku Nairobi ndinagula chisoti chachitsulo chadzimbiri lokhalokha. Mayi a kunyumba anabisa sandipepala tsiku lomwelo, koma phulusa sakanatha kubisa lonse.