Bwato Lopanda Chigamba

Masiku ano ndikamatsikira kumtsinje kukachapa, amayi anzanga amayamba kutsokomola. Si chifuwa ayi, akubisa phwete. Ndiye bola ndifotokoze ndekha nkhaniyi asanaithire mchere.

Kwathu ndi kumapiri, kuseri kwa Mvera. Madzi amene ine ndimawadziwa ndi a m'ndowa. Koma pakati pa mudzi wathu ndi chipatala pali mtsinje, ndipo mwana wanga Tadala ali ndi mphumu. Dzinja lina mlatho wamitengo unakokoloka. Ndinaima tsidya lino kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, mwana kumsana chifuwa chikulira ngati kamphaka, malata a chipatala ndikuwaona apo. Madzi ataphwa tinawoloka, anachira. Koma kuyambira pamenepo, mtambo ukangoda, ine ndimathamangira kukaona mlatho.

Chilimwe chake tinamva kuti a Chisale, amene amalondera damu la pa esiteti ina yakale, akugulitsa mabwato awiri ogwiritsidwa kale ntchito. Bambo a Tadala ali ku ntchito ku Kasungu, ndiye anangoti pafoni, "Amake Tadala, gulitsani mbuzi mukagule. Koma mukaliyang'anitsitse."

Kuyang'anitsitsa ndiye ntchito yanga. Ine sindinagulepo mtsuko wosweka. Ndinanyamuka ndi alamu anga a Yohane pangolo yawo, ndowa ndi kampeni m'manja.

Mabwato aja anali pamtunda, pansi pa mtengo. Loyamba linali lotakata, lakuda, zigamba za malata ndi phula thupi lonse ngati buluku la ku dimba. Lachiwiri, ha! Lowongoka, losalala, lakuya, lopanda chigamba ngakhale chimodzi.

Ndinaligogoda ndi chala, khutu ndagunditsa, monga timachitira ndi mbiya. Linalira bwino. Ndinalibaya ndi kampeni kufuna chiswe, munalibe. Ndinalinunkhiza (musandifunse ndinkafuna fungo lanji). Ndinayesa kulinyamula mbali imodzi, linakana, ine mumtima ndinati eya, mtondo wabwino umalemera chonchi. Pomaliza ndinatunga ndowa zingapo n'kuthira m'mabwato onse awiri, kenako ndinagwada n'kumasuzumira kunsi. Lazigamba lija linayamba: do, do, do. Linzakelo ngakhale dontho.

"Ndatenga ili," ndinatero.

A Chisale anakanda kumutu. "Mayi, damu ndi ili. Bwanji tilikankhire pamadzi mukwere kaye?"

Apa ndiye pamene pagona nkhani yonse. Ndinayang'ana madzi aja, obiriwira, osaoneka pansi. Ine amene ndinabwera kudzagula bwato ndinali ndisanapondemo m'bwato chibadwire. Koma kunena kuti ndikuopa, pamaso pa alamu? Ndinakonza chitenje n'kuyankha mwamatama, "Palibe chifukwa, bambo. Ndaliyesa kale."

"Alamu anga awa sagula chinthu chabodza," a Yohane anathira ndemanga. (Iwonso madzi aja ankawayang'ana cham'mbali.)

A Chisale anangoti, "Chabwino. Koma limeneli limafuna mwini wake."

Ine ndinamva ngati akundiyamikira.

Tinafika nalo kumtsinje masana, amayi ali mbwee kuchapa. Onse anasiya zochapa n'kudzalisisita. Kutama kuja kunandilowa m'mutu, ndinaiwala mantha, ndinati ndikwere ndine woyamba. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinachita mwanzeru tsiku limenelo n'chakuti ndinamasula Tadala kumsana n'kupatsira Mayi Asiyatu, akazi a mwini golosale, amene kwawo ndi ku Nkhotakota. Iwo ankangoliyang'ana bwatolo.

Mwendo woyamba, linagwedezeka. Wachiwiri, linapendekeka. Ndinati ndikhale pansi, a Yohane n'kulikankha pang'ono ndi nsungwi, basi linangotembenuka ngati chikuni, ine kumwamba kunakhala pansi.

"Ndafa ine! Tadala wanga mundilerere! Alamu, mukawauze achimwene anu!"

"Alamu," a Yohane anatero mwaulemu, "taimirirani."

Ndinaimirira. Madzi ankalekeza m'mawondo.

Anthu anaseka mpaka ena kugona pamwala. Ine ndinatuluka matope mpaka m'makutu, duku likuyandama kulowera kumunsi. Ndinafuna kuseka nawo, koma nditaona Tadala ali m'manja mwa Mayi Asiyatu, wouma, akuyamwa chala, kuseka kunandithera. Ndinaganiza za February, madzi ofiira othamanga aja, iye ali kumsana kwanga.

Mayi Asiyatu sanaseke. Anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Mwana wanga, kunalibe lina?"

"Linalipo, mayi, koma lazigamba. Limadontha."

"Lotakata kunsi?"

"Eya."

"Ndiye limenelo ndi limene anthu ankakwera. Amaika chigamba pa chinthu chimene akuchifuna. Ili lasalala chifukwa aliyense amene analikwera sanabwerezenso." Anandibwezera mwana. "Iwe unayesa ngati lingasunge madzi. Kodi ukufuna kusungiramo madzi?"

Kutacha tinabwerera ku damu, bwato pangolo, Mayi Asiyatu pambali panga. A Chisale atationa anangoyamba kukankhira lazigamba lija pamadzi. Ndinabereka thumba la chimanga lolemera ngati Tadala, ndinatseka maso, ndinakwera. Mayi Asiyatu ankakuwa ali pamtunda: "Tsegula maso! Pendekera uku! Tsopano uko! Gwedeza!" Ndinagwedeza ndikulira, ndikutchula mayina a abale anga onse. Bwato linangoti phee, ngati agogo amene ana akusewera pamiyendo pawo. Madzi ankalowa pang'onopang'ono pa chigamba chimodzi, a Chisale n'kundiponyera chigubu chodula kuti ndizikapira.

Dzinja lapitali mlatho unapitanso, ndipo m'mawa wina chifuwa cha Tadala chinayamba kulira. Tinakwera lazigamba lija, limene tinabwera nalo kuchokera ku damu. A Yohane anagwira nsungwi, ine dzanja limodzi pamwana, linalo pachigubu, kukapa osapuma, madzi m'mapazi. Tinawoloka.

Losalala lija a Chisale anakana kulilandiranso ngakhale kwaulere, ndiye lili kuseri kwa nyumba, ndimaviikamo mphale. Silinadonthepo mpaka lero. Pamenepo pokha sindinalakwe.