Mazira a a Naphiri

Lolemba
Sabata ino giredi 11 ikuphunzira mmene mwana wa nyama amakulira asanabadwe. Chithunzi cha m'buku chiswe chinadya. Ana akungondiyang'ana ngati ndikulankhula Chipwitikizi cha kutsidya.
Koma Mulungu sagona. Thadzi la a Naphiri, eni nyumba imene ndikuchita lendi, layamba kufungatira kuseri kwa bafa.
Dongosolo:
dzira limodzi tsiku lililonse
kuliswera m'sosala pamaso pa ana
osauza munthu
Si kuba. Ndi sayansi.

Lachiwiri
Thadzi likujompha ngati lili ndi mano. Chala chatupa, koma dzira lili m'thumba la jekete.
M'kalasi ndaliswera m'sosala. Pamwamba pa chachikasu pali timitsempha tofiira ngati mizu ya thonje, pakati kadontho kakugunda. Mtima! Ngakhale anyamata a kumbuyo aja ayimirira pa madesiki.
Ndikuwauza kuti nkhuku, mbuzi ndi munthu poyamba timafanana, mutu waukulu ndi kamchira. Wina akufuula: "Ndiye ahedi anali ndi mchira, sa?" Ndikuti inde. Ahedi ali pawindo.
Kunyumba a Naphiri awerenga mazira. Mlandu wagwera galu. Galu akundiyang'ana. Akudziwa.

Lachitatu
Lero kwaoneka diso, lakuda bii, ndi timabuntha pomwe padzamere mapiko ndi miyendo, kumanja chimodzimodzi ndi kumanzere. Ahedi akuti ndine mphunzitsi wa luntha. Sakufunsa kumene ndikutenga mazira. Nawonso ndi a luntha.
Galu wamangidwa pa mtengo wa mango, koma dzira lasowabe. Tsopano akuti ndi njoka. A Naphiri abwera pakhomo panga: "Aphunzitsi, inu munaphunzira za nyama, ndi njoka yanji yomeza dzira osasiya chikhungwa?"
Ndikufotokoza bwinobwino. Nsagwada zake zimatambasuka, ilibe miyendo, siisiya mapazi. Akugwedeza mutu, maso ali pa chala changa.

Lachinayi
Nkhondo ya njoka. Zida:
tayala lakale loyatsa
palafini
mlamu wao ndi chikwanje
ine, katswiri, kutsogolo
Utsi wonse ukulowa m'chipinda mwanga. Malaya onse akununkha ngati galaji ya ku Katete. Mlamu wadula maungu awiri ndi paipi ya madzi. Njoka palibe.
Ndikanaleka lero. Koma mawa ndi tsiku loona mlomo, ndipo ana a giredi 12 apempha kudzaonera nawo. Limodzi lokha, lomaliza.

Lachisanu
Tsoka silinunkha!
Kalasi yadzaza, ena pamawindo. Ndikukweza dzira kuti onse aone. Pansi pake pali mtanda wolembedwa ndi makala. Sindinauone, ndinatenga mothamanga.
Tisa, mwana wa a Naphiri, amakhala kutsogolo. Wakweza dzanja mwaulemu wake wonse: "Sa, mtanda uwo ndi wa amama."
Ndikuti mitanda imafanana. Akuti wa amake umapendekera kumanzere. Kalasi yonse ikuyang'ana. Ukupendekeradi.
Pofika belu la nkhomaliro dzina langa latsopano lafika mpaka pamsika wa Vubwi. Wogulitsa tomato akundipatsa moni: "Mwaswera bwanji, a Njoka?"
Galu amumasula.

Loweruka
Sindituluka. Ndikuganiza za nyumba za kuseri kwa sukulu, zija zodontha, za mileme. Mvula ili pafupi. Ndayamba kulongedza mabuku.
A Naphiri sakukalipa. Bola akanakalipa. Akusesa pakhomo panga penipeni, akuimba nyimbo ya kwaya yonena za Yudasi.
Ndatuluka, ndagwada, ndapepesa. Ndafotokoza za mtima wogunda uja, kuti ana anaona ndi maso ao. Akuti: "Mukanapempha, ndikanakupatsani awiri. Tsopano taonani." Thadzi latopa ndi utsi ndi manja anga, lasiya chisa. Likuyenda ndi tambala wa apasitala ngati silinakhalepo ndi banja.
Nyumba sandichotsa. Koma andibweretsera katoni, nsanza, nyali ya galasi ndi mazira otsala. "Munayamba ndinu. Fungatirani."

Lamulungu
Ena ali kutchalitchi. Ine ndili pamkeka, katoni pambali. Kutembenuza mazira, kuyesa kutentha ndi tsaya, kutsitsa chingwe cha nyali, kukwezanso. Kwatsala masabata awiri.
Ana odutsa pamsewu akulira ngati thadzi. Ahedi atumiza uthenga wofunsa ngati ndikudya mokwanira, poti wofungatira amaonda.
Dzira limodzi layamba kafungo. Sindinanene.
A Naphiri akuti anapiye akaswa, wowayendetsa pabwalo ndi kuwateteza kwa mphamba ndine ndemwe. Ndavomera. Mawa phunziro ndi la nyongolotsi. Nyongolotsi zilibe mwini.