Dzina lomwe ndinaphimba ndi piii

Ndinakhala zaka zinayi kukoleji, koma mukamva zomwe ndinachita ku Thambani mwezi wathawu mukayika.

Malemu mkazi wanga Lusiya anali ndi podikasiti, pulogalamu ya mawu yomvera pa foni. Ankajambula nyimbo za pamtondo za amayi akwawo, omwe anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Gawo lomaliza anajambula ndi mayi ake, koma anadwala asanalitulutse. Chaka chathunthu fayiloyo ndinkangoiyang'ana pa laputopu osaitsegula.

Chiliza chitamangidwa, ndinaganiza zolitulutsa kuti abale akalimvere tsiku lovundukula. Sabata yomweyo kuntchito kwathu pa boma kunamveka zoti mapodikasiti ayamba kufuna laisensi, ndipo woulutsa zolaula azimutsekera. Palibe anaonapo kalata yake. Ine ndinakhulupirira (chimwalirire Lusiya ndimaopa chilichonse chokhala ndi chidindo). Sindinafune ntchito yake itsekedwe chifukwa cha liwu limodzi.

Nyimbo za pamtondo sizinyengerera munthu. Vuto linali lakuti zinali m'Chinyungwe, chilankhulo cha kwawo kwa apongozi, ndipo Chinyungwe changa chimathera pa moni. Ndiye ndinkaweruza ndi khutu. Liwu lina linkabwerabwera, lofanana ndendende ndi lija timatchulira za m'chimbudzi. Apongozi ankalitchula mokweza. Paliponse pomwe linatuluka ndinaikapo piii ngati pa wailesi, wotalika bwino kuti ngakhale mchira wake usamveke. Kenako ndinasunga pamwamba pa fayilo yoyamba ija, iyo n'kufufutika, kuti pasatsale umboni. (Inde, ndinadziona wochenjera.)

Tsikulo titachoka kumanda, alamu anga analumikiza foni ku sipika. Nyimbo yoyamba isanafike pakati, azimayi anagwira pakamwa, abusa n'kuyamba kuyang'ana nsapato zawo. Alamu anandinong'oneza kuti ndime yomwe ndinaisiya poganiza kuti ndi ya ulimi inkanena za mwamuna yemwe khasu lake linagona kalekale. Zolaula zenizeni zinadutsa bwinobwino.

Kenako piii. Piii. Apongozi, ali pamphasa, anakweza dzanja kuti tiimitse.

"Bambo, foni yanuyi ikudwala?"

Ndinafotokoza za laisensi ndi za lamulo, ngati ndili pa msonkhano wa kuofesi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Atatero anandiuza kuti asanabereke Lusiya anataya ana awiri kumsasa wa othawa nkhondo. Wachitatuyu anamupatsa dzina lonyansa kuti imfa ikamva inyansidwe, ipitirire. Lusiya linali la kusukulu ndi kutchalitchi. M'nyimbomo sankatukwana. Ankaitana mwana wawo, iye n'kumavomera. Piii wanga wotalika uja anameza zonse ziwiri.

"Ndimafuna ndimumve akuyankha," anatero. "Bwezeranipo."

Sindinathe kuwayang'ana. Alamu, omwe ndinali nditawauza kale za kuchenjera kwanga, ndiwo anandiyankhira kuti fayilo yoyamba ija kulibenso.

Apongozi sanakalipe. Anangoti boma likanafuna kudziwa za dzinalo likanabwera kudzafunsa, iwo akanalipatsa mpando. Kenako anapempha kuti tipitirize, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto.

Mpaka lero palibe amene wandifunsa laisensi. Zaka zitatu za banja, dzina lenileni la mkazi wanga ndinalidziwa tsiku la chiliza chake. Gawolo ndimalimvera pa foni, timawaya tili m'makutu, ndikakwera minibasi ya ku Blantyre. Pakafika pa piii ndimalitchula ndekha dzinalo, chapansipansi, ndipo oyandikana nane amasunthira kuwindo.