Kakowa wa a Sakala

Ku Wusakile kuno ku Kitwe mukafunsa za a Barnabas Sakala, anthu ayamba akanda mutu, koma mukangoti "aja a Kakowa", ngakhale mwana akulozerani nyumba. Kakowa anali vaneti yawo yoyera, ndipo matenda a mkuluyu anali matayala. Anzawo ankagula onenepa kuti motoka izioneka ya bwana. Iwo ayi, ankafuna owonda, aatali, ndipo akale akatha, atsopano ankayenera kuwaposa msinkhu.

Lewis, wogulitsa matayala m'tauni, akawaona ankagwira mutu.

"Ba mudala, awe, izi ndiye ayi! Awa ndi a ambulansi yakale ya ku mishoni."

"Ndi omwewo. Palibe otalikirapo?"

"Mufuna muzikathyola mapapaya?"

"Mwana iwe, unyamata wanga wonse unathera pansi mu mgodi. Ndisiye ndikwereko."

Anakweradi. Tsiku lina pobwera ndi matayala atsopano, Kakowa anakana kulowa m'shedi mwake. Munthu wina akanabweza matayalawo, koma a Sakala anandiitana ine neba wawo kuti tikweze denga. Pokhota, matayala aja ankakhula m'mbali n'kumalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, mpaka azimayi a pamsika ankadziwiratu kuti a Sakala ali pakona.

Wovutika anali mayi Salome, akazi awo, munthu wamfupi ngati mtondo. Popita kutchalitchi ankayenda ndi kampando kokwerera.

"Bambo, tsiku lina mudzandipeza ndili lende pachitseko."

"Kwerani, mayi, kumwamba kuno kuli kamphepo."

Madzulo ankakhala m'vanetimo injini ili chete, atayang'ana kummawa. Ndinkaima pawindo, khosi lili m'mwamba.

"Aneba, ndikuona phiri la kwathu ku Katete."

"A Sakala, icho ndi chimulu chakuda cha zotaya za mgodi."

"Yang'anitsitsani kuseri kwake."

Akatero ankayamba kufotokoza, maso ali tsinzi: msewu wa ngolo, dambo lalikulu, kenako phiri lokhala ndi mwala pamutu ngati chisoti, manda a makolo ali m'munsi mwake pamalo okwera. Ankati tayala lonenepa padambo limangoterereka, pamene lowonda limaboola thope mpaka litaponda polimba. "Chaka chamawa tipita," ankatero chaka chilichonse. Koma mawu amodzi okha sankawanena moseka: "Musadzandiike kuno. Pansi pa Kitwe ndakhalapo kokwanira."

Imfa ilibe manyazi, inawatenga mvula ili pakati. Achibale anakhala pansi n'kunena zomveka ndithu: kumudzi sikufikika, dambo ladzaza, tiike konkuno. Mayi Salome anangolowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kampando kaja, n'kukaika pachitseko cha Kakowa.

"Anati kwawo," anatero, n'kukwera.

Ndinayendetsa ndine. Bokosi tinalimanga kumbuyo, olira ali m'basi pambuyo pathu. Titafika padambo paja basi inaima, dalaivala n'kukaniratu. Ine ndinkangoti tikatitimira apa ndiye tawanyazitsa a Sakala. Koma Kakowa analowa pang'onopang'ono, monyadira, ngati mbalame yake ija ikusaka tiachule. Madzi ankadutsa pansi, bokosi osaligunda. Olira anatsata wapansi, nsapato zili m'manja.

Titaoloka ndinakweza maso, ndipo phiri lija linali apo, mwala uli pamutu, ndendende mmene ankanenera. Abale inu, ndinalira ngati mwana.

Kakowa tinamusiya komweko, akuti masiku ano amaolotsa odwala ndi chimanga. Kuno kwangotsala shedi ya denga lalitali, yopanda kanthu, ndipo pakona paja pali zii. Lewis akuti matayala owonda sakuitanitsanso, palibe wowafunsa.

Dzana madzulo ndinapeza kampando kaja pakhonde. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kukwerapo, nkhope kummawa. Kani mayi Salome amandiona.

"Mwaonako chiyani, aneba?"

"Chimulu chakuda chokhachokha, mayi."

Anapukusa mutu, akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Tsikani. Inenso ndimayesa tsiku lililonse, koma msinkhu umachepa."