Golide wa pa Pulayimasi

Wallahi anyamata, iyi simuikhulupirira, koma manyazi ake mpaka lero amandiyabwa kumsana.

Inali nthawi imene boma linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe kuno. Ku City Centre kunali fumbi lokhalokha, anthu akukumba maziko. Ine Kasimu sukulu ndinalekezera Sitandade 5, osati umbuli ayi, aphunzitsi ndi amene ankandichedwetsa. Ndinapeza ntchito ku lab ina yoyeza dothi ndi miyala.

Bwana wanga anali ndi matsenga ena amene ndinkawakonda. Ankaviika kawaya m'botolo la asidi, n'kukagunditsa pa ufa wa mwala, n'kukaika pa moto wa gasi. Moto wabuluu uja unkasintha: pena wofiira ngati njerwa, pena wobiriwira, pena wapepo ngati maluwa a jakaranda. Iwo n'kulemba: calcium, copper, potassium. Chitsulo chilichonse ndi mtundu wake. Ine ndinati, chemistry yonse ndi yomweyi? Ndamaliza!

Tsono ku Old Town kunali Asiyatu, mwana wa a Che Jafali okhoma zidebe. Ndinkafuna kutumiza amalume akafunsire mbeta, koma mdalayo anali asanandione ngati munthu. Ndiye ndinkangomwaza mbiri mumsika monse kuti ndine wachiwiri kwa bwana.

Loweruka lina masana a Che Jafali anandiitanitsa ku shedi kwawo.

"A Dokotala," anatero, akumasula kansanza. "Kamwala aka ndatola ku City Centre popereka zidebe kwa omanga. Kakunyezimira. Ndi chiyani?"

"Simple, bambo. Ndipatseni half hour."

Ndinathamangira kunyumba, ndinabwerako nditavala chikhoti choyera cha ku lab, m'thumba muli sipoko ya njinga ndi kabotolo kabulawuni. Asiyatu anabweretsa pulayimasi n'kuipopa mpaka moto unachita buluu. Oyandikana nawo anadzaza pakhomo.

Ndinapala kamwala kaja, ndinaviika sipoko m'botolo, kugunditsa ufa, pamoto. Phuu! Chikasu chowala!

Apa ndinaganiza mwa nzeru zanga. Chitsulo chachikasu padziko pano n'chiti?

"Golide, bambo! Pure!"

Amayi ena analulutira. A Che Jafali sanasekerere n'komwe. Anatola chibenthu cha njerwa.

"Tayezani ichi."

Ndinayeza. Chikasu.

"Mmm, njerwa za kuno amaumba ndi dothi lolemera," ndinatero.

Anandipatsa phulusa la m'mbaula. Chikasu. Dothi la kunsi kwa nsapato yawo. Chikasu. 

"Ndiye kuti bomali lasamukira pa golide," anatero mdalayo. "Ine zaka zonsezi ndikukhoma zidebe, kukhala ndikuponda chuma!"

Anthu anaseka. Ine ndinati nditsegule Chingerezi chonse chimene ndinali nacho, koma Asiyatu anandidula, chapansipansi.

"Ababa, moto umenewu ine ndimauona tsiku lililonse. Ndiwo zikasefukira pa pulayimasi umachita chonchi."



A Che Jafali anatenga kabotolo kanga. Munthu wowotcherera zidebe asidi amamudziwa kuposa ine. Ananunkhiza. Anadonthezera pa lata, osawira. Kenako anagunditsa chala pa lilime.

"Mchere."

Zoona zake n'zakuti asidi bwana ankatsekera m'kabati. Ine ndinathira madzi a pampopi, n'kuwonjezera mchere supuni ziwiri kuti wina akalawa amve ukali wa mankhwala. Kuti mumchere muli sodium, ndipo sodium ndi amene amayatsa chikasu n'kuphimba mitundu ina yonse, ndinadzamva Lolemba nditafunsa bwana mozungulira.

Mdala uja anatenga waya wake wa kopa, n'kuuika pamoto. Wobiriwira bwinobwino, ngati wa ku lab.

"Uwu ndinaudziwa usanabadwe," anatero. "Dzina lake la Chingerezi sindilidziwa, ndipo sindinanamizepo munthu kuti ndimalidziwa. Tsono ndiuze, mnyamata iwe, ku lab kuja ntchito yako yeniyeni ndi yotani?"

Ndinayang'ana Asiyatu. Iye anayang'ana kudenga.

"Ndimathandiza bwana pa nkhani za..."

"Kasimu," anatero mdalayo.

"Ndimatsuka mabotolo, bambo."

Anagwedeza mutu, osakwiya, ngati munthu amene wapeza pamene chidebe chikudontha.

"Wotsuka mabotolo akanatumiza amalume ake mawa, ndikanawayalira mkeka. Ntchito ndi ntchito. Koma a Dokotala a golidewa ayambe adikira chaka, tione ngati moto wawo usinthe mtundu."

Chaka chathunthu, anyamata, ndikudutsa pa shedi paja ndi moni wa manja awiri, ana akundikuwa kuti "Pure! Pure!"

Bodza lili ngati mchere pamoto: kachitsine kokha, zoona zako zonse sizionekanso.